Lubani wa Mama Wamkulu ndi Kabokosi ka Adadi

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu chaka chomwe ndinaziziritsa kalasi yathu yonse, ndipo ndineneretu poyambirira pano kuti mpaka lero sindinapepese. Amene mukudikira misozi ya kulapa m'nkhani ino, tsegulani tsamba lina.

Tinkakhala ku Doha nthawi imeneyo, ku Mansoura, m'fulati ya zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo yogulitsa mapaipi. Adadi, a Banda, anali injiniya wa zamagetsi pa kakampani kena kolumikiza makina m'nyumba za anthu. Ine ndi Amayi tinawatsatira kuchokera ku Dedza ndili ndi zaka khumi, ndipo maviza athu anali opachikika pa ntchito ya Adadi ngati zovala pa msomali umodzi. Msomaliwo ukazuka, zonse pansi. Izi ndinkazidziwa monga momwe mwana amadziwira kuti dziko ndi lozungulira: ndinkavomereza, koma sizinkandisowetsa tulo.

Chondisowetsa tulo chinali kuganizira woti ndidzamupute mawa. Mwachitsanzo, kumeneko nyengo yotentha thanki ya padenga imachita kuwira ndi dzuwa, choncho anthu amazimitsa giza ya m'bafa. Zikatero mpopi wofiira umatulutsa madzi ozizira, wabuluu n'kumatulutsa otentha ngati ofulira tiyi. Mlendo aliyense wochokera kumudzi amayenera kuuzidwa zimenezi asanalowe m'bafa. Ntchito youza alendo inali yanga, ndipo ndinkaiiwala mwadala, n'kukaima pakhomo kudikira kuti "Mayo ine!" amveke liti.

Koma luso langa lalikulu ndinalitola patebulo pathu pomwe. Adadi ndi munthu woti sangameze chakudya osakamba za ntchito. Tsiku lina ankawafotokozera Amayi za themositati, kabokosi koyera ka pakhoma komwe kamamva kutentha n'kulamula makina kuti ayake kapena azime.

"Kabokosi kameneka n'kokhulupirika, koma n'kopusa," anatero akuloza ndi foloko. "Sikadziwa nyumba. Kamadziwa pomwe kali pokha. Ukakaika padzuwa, kamalumbira kuti dziko lonse lapsa."

Amayi anangoti "Ooh," maganizo ali kwina. Amene ankamvetsera ndinali ine.

Mwezi wa Januwale mzinda uja umazizira modabwitsa. Si kuzizira kwa ku Dedza kolumitsa mano, ayi, koma kamphepo konyowa kochokera kunyanja komwe kamalowa m'makoma ndi m'matailosi n'kukhazikika momwemo. Nyengo imeneyi eyakoni ya m'kalasi mwathu, makina oziziritsa mpweya, inkangogona. Kabokosi kake kanali kumbuyo kwa desiki yanga, pamwamba pa shelefu ya mabuku, kotsekeredwa m'kakhola ka pulasitiki kuti ana tisakagwire. Tsiku la mayeso a masamu ndinagula tiyi wa karaki, tiyi wa mkaka wa zonunkhira amene amamwedwa pakona paliponse kumeneko, wotentha woti kapu yake sungaigwire bwino. Ndinamuika pa shelefupo, pansi penipeni pa kakhola kaja, n'kutchinga ndi buku la mapu.

Nthunzi inakwera mwaulemu, mosafulumira. Kenaka ndinamva kaphokoso kakang'ono koti *tha*, ndipo denga linayamba kupuma. Abale inu, mphepo inatsika ngati mzimu. Mapepala a mayeso anayamba kunjenjemera okha. Aphunzitsi a masamu, bambo wodekha wosadziwa kukalipa, anavala jekete, kenaka anapisa manja m'khwapa, kenaka anayamba kuyendayenda akufunsa amene anali ndi kiyi wa kakhola, koma munthuyo sanapezeke. Mtsikana wina anayetsemula kasanu motsatizana ndipo kalasi yonse inaphulika. Mayeso anathera pomwepo. Ine ndinakhala phee, nkhope ya mngelo, mtima ukuvina. Chinandipereka ndi fungo. Karaki sabisika.

Anandiimitsa sukulu masiku atatu.

Adadi anawerenga kalata ya kusukulu kawiri. "Nabanda," anatero. Dzina langa ndi Takondwa, ndipo akandiitana ndi mfunda ndiye kuti akondwa kwambiri kapena akwiya kwambiri. "Wakuphunzitsa ndani zimenezi?"

"Inuyo, Adadi."

Kukhitchini Amayi anatsokomola chifuwa chomwe analibe.

"Chabwino. Mawa udzuke mbandakucha. Ukanyamula chikwama changa cha zida tsiku lonse. Sindikusiya pano uzionera TV ngati wapambana mpikisano."

Mmawa umenewo kunali chifunga. Sindidzaiwala. Misewu inali yoyera ngati tikuyenda m'kati mwa mkaka, ndipo chapatali nyumba zazitali za m'mbali mwa nyanja zinkaoneka mitu yokha, zopanda miyendo, zikuyandama ngati zaiwala kutera. Ndinatsamira galasi la galimoto ya kampani n'kumaganiza kuti mwina mzinda wonsewu ndi maloto a munthu wina, ndipo akadzidzimuka tonse tipezeka tili kwathu.

Foni ya Adadi inalira, ndipo poti ankayendetsa anaitsegula mokweza. Anali a Mudiri, bwana wa kampaniyo. Anayankhula m'Chingerezi chothamanga, koma ndinamva zonse.

"Banda, lero n'komaliza. Ukhale komweko mpaka dzuwa lilowe, uone ndi maso ako. Ikapanda kugwira ntchito, khalasi. Wamva? Khalasi."

Mawu amenewo ndi a Chiarabu, ndipo mwana aliyense wa kumeneko amawadziwa: zatha.

Kenaka Adadi anandifotokozera, maso ali pamsewu. Kunyumba komwe tinkapitako kunali mayi wokalamba wodwala nyamakazi, amene onse ankamutchula kuti Mama Wamkulu. Mwana wake wamwamuna anamugulira boila yamagetsi yotenthetsa madzi, madziwo n'kumayenda m'mapaipi okwiriridwa pansi pa matailosi kuti pansi pazifunda. Amene analumikiza mawaya onse anali Adadi. Tsono katatu konse anaitanidwa kuti nyumba ikuzizira madzulo, ndipo katatu konse anapita mmawa n'kupeza chilichonse chikuyenda bwino. Mwana wa mayiyo anali atauza a Mudiri kuti injiniya wawo ndi wa mapepala chabe.

"Ndiye akati khalasi, chichitike n'chiyani?" ndinafunsa, ngakhale yankho ndinkalidziwa.

"Ulongedza mabuku ako, ukamalizira sukulu ku Dedza. Ine ndikakhala pakhonde n'kumakonza mawailesi a anthu."

Ndisaname, mbali ina ya mtima wanga inadumpha ndi chimwemwe. Kuseri kwa nyumba yathu ya ku Dedza kunali thanthwe lalikulu lomwe Amayi ankayanikapo mphale. M'mwezi wa Juni, dzuwa likapendeka, ndinkagona chafufumimba pamenepo, tsaya pamwala, thanthwe likundibwezera kutentha komwe linasunga tsiku lonse. Zaka zitatu ndinali ndikulilota thanthwe limenelo. Koma nditayang'ana manja a Adadi pa chiwongolero, ndinaona kuti agwiritsa mpaka mfundo za zala zayera. Chimwemwe chija chinabwerera komwe chinachokera.

Nyumbayo inali kunja kwa mzinda, yampanda wautali. Apa ndi pomwe ndinaona koyamba momwe Adadi ankalowera m'nyumba za eni dziko. Mwamuna wachilendo samangoti odi n'kulowa. Anaima panja pa khomo la m'kati, n'kutsokomola mokweza. Kunatuluka mayi wantchito wa ku Kenya, wamtali, wosaseka, amene anati tidikire. Tinamva zitseko zikutsekedwa, mapazi akukwera masitepe, ziwiya zikuchotsedwa. Patapita nthawi ndithu anabweranso n'kuti, "Lowani." Chipinda chochezera amayi chomwe tinalowamo chinali chosesedwa, chopukutidwa, chopanda munthu, ngati chithunzi cha m'buku. Nyumba yomwe Adadi ankaiona nthawi zonse inali imeneyo, yochotsedwa kale moyo wonse.

Themositati inali m'kaphanga kokongola kokumbidwa m'khoma, kozungulira pamwamba ngati khomo la mzikiti, ndipo m'munsi mwake munali kashelefu ka mwala kopanda kanthu.

"Sindinafune kukaika muno," Adadi anandinong'oneza. "Mwana wawo anati pakhoma poonekera kaipitsa nyumba. Ndikanatani? Mwini nyumba akaloza, iwe umaboola."

Anakwezera manambala m'mwamba. Kabokosi kanati *tha*, kachithunzi ka lawi la moto kanaoneka pa kagalasi kake, ndipo kuseri kwa khoma china chake chinayamba kung'ung'udza. Anatsitsa manambala, chinaleka. Anayesa kachiwiri, kachitatu. Zonse zinali bwino, ndipo sindinaonepo munthu akukhumudwa chotero chifukwa choti chinthu chikugwira ntchito.

Tinazungulira kuseri, ku kachipinda ka boila. Boilayo inali ngati filiji yaing'ono yopachikidwa pakhoma, mapaipi a mkuwa akutulukamo ngati mizu, pambali pali kapampu kofiira. Adadi anatsegula paliponse potsegulika, anayeza waya aliyense ndi tesita, anamanganso zomangika kale. Ine ndinkawapatsira zida n'kumalakwitsa mwadala kuti andikalipire, poti kukhala chete kwawoko kunkandiopsa kuposa ukali. Sanakalipe. Atamaliza anatembenuza ndowa n'kukhalapo, maso ali pa boila, kudikira madzulo. M'kati mwa nyumba sakanalowanso, chifukwa amayi a m'nyumbamo anali atatsika.

Ine ndinakakhala pabwalo pansi pa mtengo wa mandimu, n'kumaponyera amphaka timiyala. Chakumasana zenera linatseguka ndipo dzanja laling'ono lopakidwa zofiirira linandikodola. Mayi wa ku Kenya uja anatuluka. "Mama akukuitana. Uvule nsapato, ndipo usagwire kanthu."

Usagwire kanthu. Akuuza ine.

Chipinda chomwe chija tsopano chinali china. Munali mapilo paliponse, thireyi ya khofi, wailesi ikuyimba chapansipansi. Pakati pa zonsezi panali Mama Wamkulu, kamunthu kochepa ngati mbalame, kumaso atavala chophimba chonyezimira ngati mkuwa chosiya maso ndi chibwano, mawondo atakulungidwa m'mabulangete awiri. Chingerezi sankachidziwa, ine Chiarabu changa chinali cha mawu khumi, asanu mwa iwo otukwana. Anandigwira tsitsi, n'kuwerenga mizere ya malukidwe a Amayi ndi chala. Anandipatsa zipatso za kanjedza ndi khofi wowawa m'kakapu kopanda chogwirira. Ndikamaliza ankathiranso. Palibe anandiuza kuti ukakhuta umagwedeza kakapuko, choncho ndinamwa makapu asanu ndi awiri.

Dzuwa linkalowera pa zenera la magalasi amitundumitundu n'kumagwetsa timadontho tofiira ndi tobiriwira pa matailosi. Ndinagona pa kapeti n'kumatiyang'ana tikukwawa pang'onopang'ono kupita kukhoma. Mayi wokalambayo ankayimba kanyimbo ka m'mphuno kopanda mapeto. Sindikudziwa ngati ndinagona kapena ayi. Ndinkaona thanthwe la ku Dedza likuyandama m'chifunga pakati pa nyumba zazitali zija, mphale ili mbuu pamwamba pake, ndipo Adadi atakhala pa ndowa m'mphepete mwake akuyeza mtambo ndi tesita.

Kuwala kutayamba kufiira, chipinda chinayamba kuzizira. Ndinamva *tha* kuchokera m'kaphanga muja, kenaka kung'ung'udza kwa kuseri kwa khoma. Boila yayaka, ndinatero mumtima, ndipo ndinaganiza za Adadi akupumira m'mwamba kuseriko.

Posakhalitsa mizikiti inayamba kuitanira pemphero la kulowa kwa dzuwa, wina pafupi, wina patali, mawu akulowana. Mama Wamkulu anapemphera atakhala pampando chifukwa cha mawondo. Atatha, mayi wa ku Kenya anabweretsa kambaula kakang'ono ka mkuwa kokhala ndi mwendo umodzi, makala ali psuu. Mama anatsegula kabokosi ka mtengo, natsinamo tizibenthu ta lubani, n'kuponya pa makalapo. Utsi unakwera wokhuthala, wotsekemera, wolemera ngati nsalu. Anaufukiza m'zovala zake, anandikodola n'kuufukiza m'tsitsi langa, mpaka ndinamva ngati mutu wanga wasanduka mtambo. Kenaka anadzuka ndi ndodo yake, pang'onopang'ono, kambaula kali m'dzanja, n'kukakakhazika pa kashelefu ka mwala kaja. Pansi penipeni pa kabokosi ka Adadi.

Ndinadzuka n'kukhala tsonga.

Utsi unakwera mwaulemu, mosafulumira. Ndinayamba kuwerenga chamumtima monga ndinachitira m'kalasi. Sindinafike patali. *Tha.* Kalawi kaja kanazima pa galasi, ndipo kuseri kwa khoma kunati zii.

Kaphokoso kameneko ndikanakazindikira ngakhale pakati pa msika. Kanali komwe kaja ka tsiku la mayeso a masamu.

"Anti," ndinafunsa mayi wa ku Kenya, "kambaulaka kamakhala pamenepa masiku onse?"

"Chimangireni nyumba ino. Phangalo analikumbira ntchito imeneyo. Ndimawonjezera makala mpaka Mama akagone, mmawa ndimachotsa n'kupukuta."

Ndiye kuti madzulo aliwonse, nthawi yomwe pansi pankayenera kuyamba kufunda, kabokosi kankalumbira kuti dziko lapsa. Mapaipi a pansi amachedwa kutenthetsa matailosi, ndipo sankapatsidwa mpata n'komwe.

Tsono vuto linali pakamwa. Mwana wa zaka khumi ndi zitatu, mlendo, wodya kanjedza wa eni ake, angauze bwanji munthu wamkulu m'nyumba mwake kuti wolakwa ndi inu? Kwathu sizichitika, kumeneko ndiye kaya. Komanso mawu ake ndinalibe. Ndinali ndi luso limodzi lokha padziko lapansi, lomwe linandipezetsa masiku atatu aja.

Ndinapempha ayezi. Mayi wa ku Kenya anandiyang'ana ngati ndapenga, koma Mama anagwedeza mutu kuti andipatse. Ndinakulunga ayeziyo m'kansalu, n'kupita kukaphanga kuja, n'kunyamula kambaula.

"Iwe mwana!" mayi uja anakuwa. "Ndinati chiyani?"

Ndinakaika patebulo kutali, n'kubwerera kudzagwirizira kansalu kozizira m'munsi mwa kabokosi, mosamala kuti dontho lisalowe m'kati. Ndinaika chala pakamwa, kenaka pakhutu. Tonse atatu tinamvetsera. Nthawi inatalika, dzanja langa linachita dzanzi, ndipo ndinayamba kuganiza kuti ndangowonjezera mlandu pa mlandu. Kenaka *tha*. Kalawi kanayaka. Khoma linang'ung'udza.

Mama Wamkulu anabwera ndi ndodo yake mpaka mphuno yake inatsala pang'ono kugunda galasi. Ndinachotsa ayezi, ndinabwezera kambaula. Tinadikiranso. *Tha.* Zii.

Anayang'ana kambaula, anayang'ana kabokosi, anayang'ana ine. Chophimba chija chinayamba kugwedera. Ndinayesa akulira, koma kunali kuseka, kuseka kopanda mawu kogwedeza mapewa, mpaka anatsamira khoma. Kenaka anandilanda kansalu ka ayezi. Anayesa yekha. Ayezi, moto. Moto, ayezi. Anachita kanayi konse, ndipo ulendo uliwonse kabokosi kakati *tha* ankamenya ndodo pansi ngati wagoletsa chigoli. Ndinazindikira pomwepo kuti mayi ameneyu ali mtsikana ayenera kuti anavutitsa anthu kwambiri.

Tangoganizani za Adadi kuseriko, atakhala pa ndowa, boila ikuyaka n'kuzima, kuyaka n'kuzima, popanda woigwira. Tinamva mawu awo pabwalo, m'Chichewa chosasungunula.

"Takondwa! Ukugwira chiyani m'menemo? Iwe Takondwa!"

Mama anayankhula mawu awiri atatu, ndipo mayi wa ku Kenya anatsegula maso. "Akuti alowe. Pompano." Sanachotse thireyi, sanasese, ndipo Mama sanakwere masitepe. Anangokokera nsalu yake kumutu n'kukhala pampando wake.

Adadi analowa akuyang'ana pansi, nsapato zili m'manja. Atakweza maso anaona kambaula pa kashelefu, utsi ukukwera molunjika kukanyambita kabokosi kawo. Kenaka anasuntha kambaulako ndi manja awiri, mwaulemu, n'kuyandikiza mphuno pa timabowo ta kabokosi. Anatseka maso.

"Lubani," anatero. "Katatu konse ndakhala ndikumva fungo limeneli, n'kumati ndi fungo la nyumba basi."

Nthawi yomweyo mwana wa Mama anafika kuchokera ku mzikiti, bambo wonenepa wa mkanjo woyera. Atamva nkhani yonse anachita manyazi pang'ono, ndipo manyaziwo anawasandutsa lamulo: kambaula kasamuke, nkhani ithe. Mama anamuyankha osakweza mawu, ndipo mayi wa ku Kenya, amene kwa nthawi yoyamba ankaoneka ngati akufuna kumwetulira, anatimasulira.

"Akuti lubani anayamba kukhala pamenepa kabokosi kasanabadwe. Wosamuka ndi mlendo. Ndipo akuti ulendo uno khoma asankhe ndi injiniya."

Mmawa wotsatira, tsiku lachiwiri la chilango changa, ndinaona Adadi akugwira ntchito monga amaifunira. Anayenda m'chipinda chija pang'onopang'ono ngati munthu wosankha malo omangapo nyumba. Khoma ili ayi, limaombedwa ndi dzuwa la pazenera. Ili ayi, kuseri kwake ndi khitchini. Apa ayi, chitseko chikatseguka mphepo imafikira pomwepa. Apa pali TV, imafunda. Anasankha khoma la m'kati, lopanda kanthu, moyang'anana ndi mpando wa Mama, pomwe mpweya unkayenda momasuka.

"Kamve zomwe mwini mawondo akumva," anatero. "Taima apa." Anandiimika chotsamira khoma n'kulemba kachizindikiro ndi pensulo pafupi ndi nsonga ya mutu wanga. "Mita imodzi ndi theka. Wapeza ntchito, ndiwe tepi yoyezera."

Asanagwire waya anakazimitsa magetsi a boila ku bokosi lalikulu, anamata tepi pa swichiyo, n'kulembapo dzina lawo kuti wina asayatse. Tesita anayamba aiyesa pa soketi yamoyo kuti aone ngati ikuyaka, kenaka pa mawaya a kabokosi, kenaka pa soketi ija kachiwiri. "Tesita nayo imatha kunama," anatero. Anajambula mawayawo ndi foni asanamasule ngakhale umodzi, ndipo anandiuza kuti ndiziwatchula mayina. Wofiirira ngati dothi ndiye wobweretsa moto. Wabuluu ndi wobwerera. Wamizere yobiriwira ndi yachikasu ndi wa pansi, wopulumutsa munthu zikavuta. Wachinayi, wakuda, anamuveka kachizindikiro.

"Uyu ndi mthenga. Kabokosi kakamva kuzizira kamalumikiza moto kwa iyeyu, iye n'kuthamanga kukadzutsa boila. Ukamusokoneza ndi wabuluu, uona zothetheka."

"Zikuluzikulu?" ndinafunsa.

"Nabanda, chotsa nkhope imeneyo."

Anayendetsa chingwe chatsopano m'kanjira koyera ka pulasitiki m'mphepete mwa denga kuti asagumule khoma la eni ake, analumikiza m'kaphanga muja n'kutsekapo ndi chivundikiro chosalala. Sikuluu iliyonse akamanga ankakoka waya pang'ono kuti aone ngati wagwira. Pomaliza anandilola kuti ndikamatule tepi n'kuyatsa ndine. Ndinayatsa ndi chala chimodzi, ngati mfumukazi.

Tsiku lachitatu tinapitako chakumadzulo kukaona. Adadi anatsalira panja monga mwa mwambo, ine ndinalowa. Kambaula kanali m'phanga mwake kakufuka mwamtendere, ndipo kutsidya kalawi kanali kakuyaka pa galasi. Mama Wamkulu anali atataya bulangete limodzi, mapazi ali pa matailosi opanda masokosi. Anandilozera pansi. Ndinakankha kapeti, ndinagona chafufumimba, tsaya pamwala. Kutentha kunakwera pang'onopang'ono kudzera m'diresi, m'mimba, m'nthiti, kofatsa, kosungidwa. Ndinatseka maso. Kunali ku Dedza mwezi wa Juni, kungoti mphale inkanunkhira lubani.

Tili m'njira a Mudiri anayimba, mawu ali ofewa ngati buledi wa lero, akuwatchula Adadi kuti m'bale wawo. Adadi atadula foni anandiyang'ana.

"Usaganize kuti wakhululukidwa," anatero. "Ndipo boila siyatsidwa n'kuzimitsidwa ngati tochi. Mukanaononga pampu, iwe ndi mnzako wokalambayo."

"Sindinapemphe chikhululukiro, Adadi."

Anayesetsa kubisa kuseka. Ndinaona tsaya lawo likulimbana nako. Koma pa maloboti a ku Mansoura kuseka kunawapambana, mpaka wa galimoto ya kumbuyo anaimba hutala.

Pano ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, sekondale ndamaliza, ndipo chikwama cha zida chija ndimachinyamula popanda wondilamula. Mama Wamkulu anatisiya chaka chathachi. Kachibenthu ka lubani komwe anandifumbatitsa tsiku lija ndikadali nako, sindinakawotche.

Chomwe ndikumvetsa tsopano n'chakuti m'nyumba muja munalibe wabodza. Kabokosi kankanena zoona za m'phanga mwake. Adadi ankanena zoona za mmawa, za chipinda chosesedwa chomwe ankaloledwa kuchiona. Mama ankanena zoona za mawondo ake. Aliyense ankamva pomwe anali pokha, ndipo tikanakwera ndege ndi masutikesi athu aliyense akulumbirabe. Pankafunika munthu wololedwa kulowa zipinda zonse ziwiri, komanso woti anayamba wanamizapo kabokosi kotere n'kudziwa kamvekedwe kake kakanamizidwa. Mwana womvera sakanagwira kambaula kaja. Akanakhala mwaulemu, manja pamiyendo, n'kumwa khofi wachisanu ndi chitatu.

Kalata yopepesa yomwe sukulu inafuna analemba ndi Amayi, ine ndinangosaina. Ndipo aphunzitsi a masamu, ngati nkhaniyi yakupezani komwe muli, dziwani kuti kapu ija inali yachiwiri. Yoyamba ndinayesera dzulo lake mu ofesi ya ahedi, ndipo mpaka lero iwo amati anadwala chimfine cha nyengo.